Chitseko cha Pangalande

Bwalo la kutsogolo kwa mdadada wa nyumba za kuseri kwa fakitale linali ndi mwayi umene anthu okhala m'nyumbazo analibe: linkakondedwa ndi anthu ophunzira. Denga likadontha, palibe ankabwera. Mpopi ukauma, palibe ankabwera. Koma pakapita zaka zingapo, galimoto yoyera inkaima pamsewu, n'kutsikamo anthu a nsapato zabwino. Ankayang'ana fumbi la pabwalopo ndi nkhope za pamaliro, kenako n'kulonjeza kuti alikonza mwaulere.

Mayi Tcheya, wapampando wa komiti ya mdadadawo, anawaona onse. Oyamba anabwera iye atangokwatiwa kumene. Anali abambo a mataye, ndipo anadzala kapinga kuchokera kumsewu mpaka kumakhonde, n'kuzika chikwangwani choletsa kuponda. Anthu anachilemekeza chikwangwanicho, moti ankachilambalala bwinobwino poponda kapingayo. Achiwiri anali ana a sukulu ya ukachenjede, amene anakwirira matayala akale n'kuwapaka utoto kuti ana azidumphapo. Amene anapindula kwambiri ndi udzudzu. Achitatu anamanga mabenchi a simenti pamtetete, kutali ndi mthunzi uliwonse, ndipo tisaname, mabenchiwo anathandiza, chifukwa matewera ankauma msanga. Mlendo ndi mame. Onsewa ankajambulitsa chithunzi, n'kugwirana chanza ndi akomiti, n'kukwera galimoto yawo.

Alendo akapita, bwalo linkabwerera kwa eni ake. Zingwe zoyanikapo zovala zinkamangidwanso, ana ankasandutsa pakati pake bwalo la mpira, ndipo wometa ankatsegula kanyumba kake ka malata kumbali ya kumsewu. Kutsogolo kwa makhonde onse kunkadutsa ngalande ya madzi oipa, yopapatiza, yoti munthu wa miyendo yake ankangoilumpha osaiganizira. Pangalandepo, moyang'anana ndi khomo la Mayi Tcheya, panagona chitseko chakale chachitsulo.

Chitsekocho chinali cha amuna ake. Iwo anali owotcherera zitsulo asanadwale matenda ofa ziwalo, amene anawalanda miyendo ndi dzanja limodzi koma pakamwa n'kuwasiyira pathunthu. N'chifukwa chake mdadada wonse unkawatchula kuti a Wailesi. M'mawa uliwonse Mayi Tcheya ankawakankha pa chikuku chawo, kuwolokera pachitseko, n'kutsata kanjira kamene matayala a chikukucho anasalaza okha, mpaka kukafika kwa wometa. Kumeneko ankakhala tsiku lonse, kutsutsana ndi aliyense wobwera kudzameta, pa nkhani za mpira ndi za maboma a maiko amene sanapondekonso. Njira ina kunalibe. Kuseri kwa nyumba kunali khoma la fakitale, ndipo pakati pa khonde ndi khonde panali masitepe. Kuchotsa chitsekocho kunali kuwatsekera a Wailesi pakhonde.

Uthenga wa alendo achinayi, a kukampani ina yokonza mabwalo, anabwera nawo ndi mlembi wa komiti, bambo wina woonda amene ankakhulupirira chilichonse chonenedwa pafoni.

"Awa ndi osiyana, a Tcheya," anatero mlembiyo. "Akuti zakale zija zinalephereka chifukwa akatswiri sankamvera anthu. Mayi amene akubwerayu sajambula pulani asanatione. Azidzangokhala pansi n'kumayang'ana mmene timakhalira."

"Mmene timakhalira?"

"Eya. Akuti tisasinthe chilichonse."

Mayi Tcheya anamuyang'ana mlembiyo ndi chisoni. Munthu wamkulu, wa ana ake, kukhulupirira kuti mlendo akanena kuti musavutike ndiye kuti musavutikedi. Iye anakhala pampando zaka zonsezi chifukwa cha lamulo limodzi limene ankalinena pa msonkhano uliwonse: umphawi si uve. Mlendo sanaonepo poto wakuda m'nyumba mwake, ndipo sakanalola kuti mayi wa kukampani, wa kamera m'manja, adzaone zovala zam'kati za mdadada wonse zikuuluka pachingwe.

Ntchito inagwirika imene boma silikanaikwanitsa. Zingwe zinamasulidwa. Miyala ya magoli inatayidwa kuseri. Wometa anauzidwa kuti atseke kaye, kanyumba kake n'kukutidwa ndi lona. Amayi anasesa bwalo lonse, abambo n'kulipalasa mpaka tinjira tonse tinafafanizika, dothi n'kukhala ndi mizere yokongola. Miyala ya m'mphepete inapakidwa layimu. Ana anauzidwa kuti azivala nsapato ndi kukhala pakhonde, ndipo aliyense wopita kumsewu azizungulira m'mbali kuti mizere isawonongeke.

Chomaliza chinali chitseko. Chinali chadzimbiri, chobooka pamene panali loko, ndipo choipitsitsa, chinachokera kufakitale, moti zilembo zinkawerengekabe pakati pake: CHIMBUDZI CHA ABAMBO. Anyamata awiri anachinyamula n'kukachilowetsa kunsi kwa bedi.

"Chitsekonso?" anafunsa a Wailesi.

"Masiku ochepa okha, bambo. Mupumeko."

"Ndatopa ndi chiyani?"

"Mukufuna mlendo aziti tamuikira wodwala panjira kuti atimvere chisoni? Ife sitipemphetsa. Komanso ndimakudziwani. Akangokupatsani moni, muyamba za matewera a pabenchi."

"Ndiye mwandisesa pamodzi ndi zinyalala, a Tcheya."

"Musayambe. Ndikuikani pafupi ndi windo."

Anawaikadi pafupi ndi windo, koma katani anatseka.

Mlendo atafika, Mayi Tcheya anakhumudwa pang'ono. Anali mtsikana ndithu, wa nsapato zafulati ndi chipewa cha dzuwa, atanyamula kampando kopinda. Anapereka moni mwaulemu kwa aliyense, anakana mpando wa nsalu umene anamutulutsira, n'kukakhala pakona ya bwalo. Anthu anamutcha Mayi Mapulani. Choipa chake chinali chimodzi: zimene ananena ankachitadi. Anakhala pansi n'kumayang'ana.

Ndipo anaona zambiri. Anaona bwalo loyera lopanda phazi la munthu. Anaona ana aulemu, ovala nsapato, atakhala pamakhonde ngati akudikira jakisoni. Anaona amayi akulumpha ngalande n'kuzungulira m'mbali, ndowa zili pamutu. Anabweranso mawa lake, ndi mkuja wake, m'mawa ndi masana, kuti asaphonye kanthu, ndipo tsiku lililonse asanafike, bwalo linkapalasidwanso.

Tsiku lomaliza anapempha kucheza ndi wapampando. Anakhala pakhonde la Mayi Tcheya, mlembi ali pambali.

"Ndaona kuti pakati pa bwaloli anthu sadutsapo," anatero Mayi Mapulani.

"Ife timalemekeza malo, mwanangu."

"Nanga zovala mumayanika kuti?"

"M'nyumba."

"Ana sasewera mpira?"

"Ana athu amakonda mabuku."

Mlembi anayang'ana nsapato zake. Mtsikanayo anagwedeza mutu, kenako anatsitsa mawu, maso ake atafewa kale.

"Pepani ndifunse, amayi. Alipo amene amavutika kuyenda? Okalamba, kapena olumala?"

M'nyumba munamveka kutsokomola, kwautali, kochita kufuna. Mayi Tcheya anakumva. Mawu oona anafika mpaka pakhosi. Koma anaonanso maso aja, okonzeka kumumvera chisoni, ndipo chinthu chimenecho ankadana nacho kuposa njala. Anachilandira kuchipatala, anachilandira kutchalitchi, anachilandira kwa abale a amuna ake amene ankabwera ndi chisoni chokhachokha m'manja. Sanafune kuchilandiranso pakhonde pake, kuchokera kwa mwana wa msinkhu wa mwana wake.

"Tonse tili bwino," anatero. "Ndi chimfine chabe chimenecho."

Mlendo atapita, chitseko chinatuluka kunsi kwa bedi, zingwe zinabwerera, ndipo a Wailesi anakafika kwa wometa ali ndi nkhani zosungidwa zambirimbiri. Anauza aliyense kuti anali kundende, ndipo woweruza anali mkazi wawo. Anthu anaseka, Mayi Tcheya nayenso anaseka. Ankadziwa mmene alendo amathera: abwera, adzala kanthu, kanthuko kafa.

Patapita miyezi Mayi Mapulani anabwera ndi pepala lalikulu n'kulipachika pakhoma. Anafotokoza kuti vuto lalikulu limene analiona linali ngalande, yonunkha ndiponso yosefukira nthawi ya mvula. Ankafuna kuisandutsa kamtsinje ka maluwa ndi bango, koti kazisefa madzi kokha, ndipo anthu aziwolokera pa miyala yosalala. Popeza anthu a pano sakonda phokoso, pakati padzakhala munda wopumiramo, wa mitengo ya mthunzi ndi njira yosalala yochokera kumsewu. Anafunsa ngati pali chimene walakwitsa. Anafunsa kawiri, n'kudikira.

Ndani angamuuze munthu amene wagwira ntchito yonseyi osalandira kanthu kuti walakwitsa? Komanso ndani ankadziwa kuwerenga pepalalo? Mayi Tcheya anayandikira, n'kupeza ngalande ija. Inali kamzere ka buluu. Anaikapo chala, chala n'kukaphimba konse. Mtima unakhala pansi, chifukwa chitseko chinali chachitali kuposa chala. Anayamba kuwomba m'manja, mdadada wonse n'kutsatira.

Ulendo uno kanthu sikanafe. Mtsikanayo ankaidziwa ntchito yake, ndipo ilo ndilo linali tsoka. Kunabwera thalakitala yokumba, n'kuikuza ngalande mpaka munthu wamtali akanatha kugonamo chopingasa osakhudza mbali zonse. Anayalamo miyala, anadzala bango ndi maluwa. Fungo linatha. Mvula itagwa, madzi sanalowenso m'nyumba ya munthu. Mitengo inagwira. Kumbali ya kumsewu anamanga polowera potsetsereka bwino, n'kuikapo chikwangwani cha chithunzi cha chikuku, kuti wolumala aliyense wochokera kutali adzalowe mosavuta. Amene anaiwalika ndi wolumala mmodzi yekha amene ankakhala pomwepo.

Omanga atachoka, wometa ndi mlembi anabweretsa chitseko. Anachigoneka mbali imodzi, mbali inayo n'kulendewera m'malere. Anachisuntha, chinatsetsereka n'kukagwera pa maluwa. A Wailesi ankaonerera ali pakhonde.

"Chatsala pang'ono kufika," anatero mlembi.

"Chatsala theka," anatero a Wailesi. "Ndikanakhala ndi manja onse awiri ndikanachilumikiza ndi chinzake. Kaya cha amayi chilipo kufakitaleko."

Asanapeze wowotcherera wina, mlonda wa khonsolo anali atafika, popeza munda wokongola sungasiyidwe m'manja mwa eni ake. Mlondayo anati zitsulo zakale n'zoletsedwa pamundapo, ndiponso chilichonse chimene sichili papulani. Mayi Tcheya atayamba kukweza mawu, mlondayo anamukumbutsa mwaulemu kuti malamulowo anawawerengera anthu ndi Mayi Tcheya yemweyo, tsiku lotsegulira, ndipo anawawerenga bwino kwambiri.

Masiku oyamba abambo a mumdadada ankawanyamula a Wailesi. Anayi ankagwira chikuku, n'kumaponda miyala mosamala, akuseka, a Wailesi akuwalamula ngati woyendetsa sitima. Madzulo ankawabwezanso. Koma mwala wonyowa ndi woterera, ndipo tsiku lina mmodzi anagwera m'madzi mpaka m'chiuno, chikuku n'kupendekeka, a Wailesi n'kungotsala pang'ono kugwa chamutu. Kuyambira pamenepo abambo a mumdadada anayamba kudwala msana. Wina ankachoka m'mamawa kwambiri. Wina ankati abwera pompano. Sanali anthu oipa, anali ndi ntchito zawo, ndipo munthu sangapemphe chinthu chomwechomwecho tsiku ndi tsiku kwa anthu omwewo osayamba kudzida yekha. A Wailesi ndi amene anayamba kunena kuti lero sakufuna kupita.

Wometa ankabwera kudzawameta pakhonde. Poyamba ankakhalitsa, n'kutsutsana nawo mpaka makasitomala kumuitana. Kenako ankangometa n'kupita. A Wailesi anasiya kufunsa zigoli. Ankakhala pakhonde kuyang'ana maluwa, ndipo maluwawo analidi okongola. Mayi Tcheya, amene kwa zaka zambiri ankapemphera kuti bamboyu atsekeko pakamwa, anapeza kuti nyumba yachete siikhalika. Zinkamupweteka kwambiri, ndipo chimene chinkamupweteka koposa n'chakuti amuna akewo sanamunenepo ngakhale kamodzi.

Tsiku lina anavala diresi lake la misonkhano n'kukwera basi kupita kukampani. Anamulandira ngati nduna. Anamupatsa tiyi m'kapu ya mbale yake. Pakhoma la polandirira alendo panali chithunzi chachikulu cha munda uja, ndipo mabwana anatuluka m'maofesi kudzagwira chanza mayi amene anawathandiza kumvetsa anthu ake. Anamuuza kuti mundawo ukupikisana nawo pa mphoto. Iye anamwa tiyi yense, n'kudikira kuti atsale awiri ndi Mayi Mapulani.

"Pali kavuto kakang'ono, mwanangu," anatero. Ndipo anafotokoza zonse, kuyambira pa zingwe mpaka pa katani.

Mtsikanayo anamvetsera mpaka pamapeto. Sanakalipe, ngakhale Mayi Tcheya akanakonda kukalipiridwa.

"Koma ndinakufunsani, amayi."

"Munandifunsa."

"Ndinakhala padzuwa masiku onse aja kuti ndisachite zimene anachita anzanga akale."

"Munakhala. Ifenso tinasesa."

Mayi Mapulani anapukuta m'maso. Anati kamlatho n'kosavuta, angakajambule tsiku lomwelo. Koma ntchito yaulere kampani imaichita kamodzi pachaka, ndipo ya chaka chino inapita kale kwa anthu ena, amenenso ali ndi ngalande yawo. Komanso kusintha pulani mphoto isanaperekedwe kungakhale kuuza oweruza kuti panalakwika. Analonjeza kuti akawapempha mabwana. Mayi Tcheya anathokoza, chifukwa anali ataphunzitsidwa kuthokoza, ndipo pobwerera m'basi analira mwakachetechete atatembenukira kuwindo.

Mabwana anabweradi, koma ndi wojambula zithunzi za mphoto. Anamanga tenti kumsewu, anabweretsa zakumwa zoziziritsa kukhosi, ndipo ana anavalanso nsapato popanda wowauza. Bwana wamkulu, bambo wonenepa wa mawu okoma, ankayenda ndi wojambulayo kusankha malo. Mayi Mapulani ankatsatira m'mbuyo. Atafika pakati pa munda, wojambula anaima n'kuloza kutsidya kwa ngalande.

"Bwana, taonani pakhonde paja."

Bwanayo anaona chikuku, nkhope yake n'kuwala.

"Bwanji simunandiuze? Oweruza amafuna zimenezi. Abambo aja abwere, akhale apa pa maluwa."

Mayi Mapulani anayamba kunena kanthu, koma bwanayo anali atakweza kale dzanja kuitana anthu. Ndipo taonani zodabwitsa: misana yonse ya mumdadada inachira nthawi yomweyo. Abambo anathamangira, ena mpaka kusowa pogwira. Mayi Tcheya anafuna kukana. Anatsegula pakamwa kuti anene kuti amuna ake si maluwa, koma atawayang'ana anaona kuti akuwongola kolala ndi dzanja lawo lija limodzi.

Anawawolotsa mosamala, n'kuwaika pamthunzi, maluwa ofiira ali kumbuyo. Wojambula anawapempha kuti amwetulire, anamwetulira. Anawapempha kuti ayang'ane kumwamba ngati akuganiza, anayang'ana. Bwana anagwada pambali pawo n'kuwagwira phewa, atayamba wayala kampango pansi kuti thalauza isade.

"Mukuuona bwanji munda wanu, bambo?" anafunsa bwanayo.

Mayi Tcheya anatseka maso. Mdadada wonse unadikira, chifukwa unkawadziwa.

"Ndimauona tsiku lililonse," anatero a Wailesi. "Ndili ndi malo abwino oonerapo."

Bwanayo anaseka mokondwa, n'kuuza wojambula kuti mawu amenewo alembedwe pansi pa chithunzi. Kenako wina analengeza kuti zakumwa zatsegulidwa, anthu onse n'kukhamukira kutenti. Mayi Mapulani anatsalira pang'ono, anawagwira dzanja a Wailesi mpaka bwana wake atamuitana.

Anatsala awiri pakati pa munda. Mphepo inkagwedeza bango. Mayi Tcheya anayang'ana kutenti, kumene abambo a mumdadada anali atayamba kale botolo lachiwiri, ndipo anadziwa kuti galimoto zikangonyamuka, misana iyambiranso.

"Ndikawaitane adzakubwezeni asanabalalike," anatero.

"Musawaitane."

"Bambo, akachoka ndikuwolotsani bwanji ndekha?"

"Tiona. Tandikankhani kaye."

Anagwira zogwirira za chikuku n'kukankha. Njirayo inali yosalala moti chikuku sichinalire n'komwe, ndipo iye sanagwiritse mphamvu. M'zaka zonse zimene anawakankha, sanayendepo panjira yabwino chonchi. A Wailesi anatambasula dzanja n'kumakhudza masamba a m'mbali akamadutsa.

"Mwanayu amaidziwa ntchito," anatero.

Mayi Tcheya anafulumiza, kuti akafike kwa wometa dzuwa likadalipo.

"Pang'onopang'ono, mayi," anatero a Wailesi. "Chithunzi china sitikudziwa adzajambula liti."